Mitengo inagwa koma dzenje panalibe: mtsutso wa Tunguska

M'mawa wa Laciwiri pa 30 Juni 1908, nthawi itangopitirira pang'ono 7 koloko, cinthu cina cinaphulika m'mlengalenga pamwamba pa nkhalango ya ku Siberia, m'dziko la Russia. Malowo ali pafupi ndi mtsinje wa Podkamennaya Tunguska, ndipo dzina la mtsinjewu ndilo linasanduka dzina la cocitikaco. Mitengo pafupifupi 80 miliyoni inagwa pamalo oposa masikweya kilomita 2000. Kuti munthu adutse malo amenewo wapansi, kucokera mbali ina kukafika mbali inayo, angayende masiku awiri.

Pamudzi wamalonda wa Vanavara, makilomita 65 kucokera pamene cinaphulikira, bambo wina dzina lake Semenov anali atakhala pakhonde. Iye anafotokoza kuti anaona thambo likung'ambika ndi moto, anamva kutentha ngati malaya ake ayaka, kenako mphepo inam'nyamula n'kum'ponya pansi. Magalasi a m'mazenera anasweka. Ku Irkutsk, pamtunda wa makilomita pafupifupi 1000, cipangizo coyezera zivomezi cinalemba kugwedezeka kwa nthaka. Ku Britain, zipangizo zoyezera mpweya zinalemba funde limene linadutsa m'mlengalenga. Kwa masiku angapo otsatira, usiku wa ku Ulaya unali wowala modabwitsa, moti anthu ku London ankatha kuwerenga nyuzipepala panja pakati pa usiku. Panthawiyo palibe amene analumikiza zinthu zonsezi n'kuona kuti gwero lake linali limodzi.

Papita zaka zoposa 100, ndipo akatswiri sanasiyebe kukambirana za cimene cinaphulika. Mbiri ya mtsutso umenewu ndi yofunika kuidziwa, cifukwa pamapeto pake inasintha mmene dziko limaonera ngozi ya miyala yocokera kumwamba.

Zaka 19 za cete

Dera la Tunguska ndi la nkhalango yowirira, madambo ndi udzudzu wosaneneka m'nyengo yotentha, ndipo m'nyengo yozizira mitsinje imaundana. Kunalibe msewu wopita kumeneko. Patangopita zaka zocepa, Russia inalowa m'nkhondo yaikulu ya 1914, kenako kusintha kwa boma kwa 1917 ndi nkhondo yapaciweniweni. Nkhani ya moto wa m'nkhalango yakutali inaiwalika.

Amene sanaiwale ndi eni dera, anthu a mtundu wa Evenki, alenje ndi oweta nyama za nyanga zanthambi zochedwa reindeer. Iwo ndiwo anali pafupi kwambiri. Anataya ziweto, mahema awo anagwa, ndipo nkhokwe zosungiramo ufa ndi katundu zinapsa. Kafukufuku wa maumboni awo akusonyeza kuti mwina anthu atatu anafa. Ena mwa iwo ankati ndi mkwiyo wa Agdy, mwini ziphaliwali, ndipo ankapewa kupita kumalowo.

Mu 1926, katswiri wa cikhalidwe ca anthu, Innokenty Suslov, anakhala pansi ndi a Evenki pamsonkhano wawo n'kulemba zimene anakumbukira. Pakati pa maumboniwo pali wa anthu awiri apacibale, Chuchan ndi Chekaren, amene anali m'tulo muhema wawo. Anafotokoza za mphepo imene inagwetsa hemayo, mitengo ikugwa nthambi zake zikuyaka, kuwala konga dzuwa laciwiri, ndi mabingu angapo otsatizana kumwamba kopanda mtambo. Onani bwino zimene ananena: zonse zinacitikira kumwamba. Sanachule mwala wogwa pansi kapena dzenje. Akatswiri zinawatengera zaka makumi atatu kuti afike pa mfundo imene alenjewa anali ataiona ndi maso.

Kulik ndi dzenje limene sanalipeze

Munthu woyamba kukafufuza malowo mwasayansi anali Leonid Kulik, katswiri wa miyala. Anamva za nkhaniyi mu 1921 pamene ankayendayenda m'Siberia kufunafuna miyala yakugwa kucokera kumwamba, koma anakafika pamalowo mu 1927, motsogoleredwa ndi a Evenki. Kulik anapita ali ndi yankho kale m'mutu. Ankadziwa za cidzenje ca ku Arizona, ku America, cotambalala kupitirira kilomita imodzi, cimene cinakumbidwa ndi mwala wacitsulo wocokera kumwamba. Ankayembekezera kupeza cidzenje cotero, ndi citsulo cambiri m'kati mwake.

Zimene anapeza zinali zina. Mitengo inali itagona pansi m'mizere, mizu yake italoza malo amodzi, nsonga zake zitaloza kunja. Atalondola mizereyo kukafika pakati, sanapeze dzenje. Anapeza mitengo ili ciriri, yopsa, yopanda nthambi ngati mapolo a mawaya. Pozungulira panali madambo okhala ndi maenje ang'onoang'ono odzaza madzi, ndipo Kulik anaganiza kuti zidutswa za mwalawo zinalowa m'menemo. Paulendo wa 1929 anthu ake anakumba ngalande kwa masabata ambiri kuti aphwetse limodzi mwa maenjewo. Madzi ataphwa, pansi pake anapezapo citsa ca mtengo wakale cili m'malo mwake. Cikhala kuti mwala unagwera pamenepo, citsaco sicikanatsala.

Kulik anabwererako kangapo mpaka 1939, ndipo anacititsa kuti malowo ajambulidwe kucokera m'ndege mu 1938. Anamwalira mu 1942 ali mkaidi wa asilikali a Germany pankhondo yaciwiri ya dziko lonse, asanapeze kacidutswa ngakhale kamodzi. Nchito yake inali yaikulu: anasonyeza malo, analemba maumboni, anajambula zithunzi zimene tikugwiritsabe nchito. Koma funso limene ankafunsa linali lakuti "mwalawo uli kuti?", pamene mitengo yoimirira pakati ija inkayankha funso lina.

Maganizo amene anabadwa posowa dzenje

Popeza panalibe mwala woti munthu augwire m'manja, aliyense anapeza danga lopereka maganizo ake. M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa zanyengo wa ku Britain, Francis Whipple, ananena kuti mwina inali nyenyezi yamcira yaing'ono. Nyenyezi yamcira imapangidwa ndi madzi oundana ndi fumbi, conco ikhoza kutha yonse m'mlengalenga osasiya kanthu pansi, ndipo fumbi lake likhoza kuwalitsa usiku monga zinacitikira ku Ulaya.

Mu 1946, bomba la atomiki litaphulitsidwa kale ku Hiroshima, mlembi wa nkhani zopeka Alexander Kazantsev analemba nkhani yonena kuti combo ca zolengedwa za kudziko lina, coyendera mphamvu ya atomiki, cinaphulika pamwamba pa Tunguska. Inali nthano, koma anthu ambiri anaitenga ngati zoona, ndipo mpaka lero imafalitsidwa pa intaneti. Mu 1965, akatswiri atatu a ku America, mmodzi wa iwo Willard Libby amene analandira mphoto ya Nobel, anayesa lingaliro lakuti cinali cinthu cochedwa antimatter, cimene cikakumana ndi zinthu wamba zonse ziwiri zimatha n'kusanduka mphamvu. Mu 1973, akatswiri awiri a ku Texas anati mwina inali black hole yaing'ono kwambiri, cinthu colemera koopsa cimene cinaboola dziko lapansi. Pambuyo pake katswiri wa ku Germany, Wolfgang Kundt, anati sicinacokere kumwamba n'komwe, koma unali mpweya woyaka umene unatuluka pansi pa nthaka.

Maganizo onsewa sanagwe cifukwa cakuti anali acilendo. Anagwa cifukwa lililonse linkalonjeza cizindikiro cimene cinasowa pocifufuza. Combo ca atomiki cikanasiya zitsulo ndi poizoni wa atomiki woculuka m'nthaka, koma sizinapezeke. Black hole yoboola dziko ikanatulukira mbali ina, m'nyanja ya Atlantic, n'kuphulikanso kaciwiri, koma zipangizo za 1908 zinalemba kuphulika kwa ku Siberia kokha. Antimatter ikanatha itangokhudza mpweya wa pamwamba penipeni, isanatsike pafupi ndi nthaka. Ndipo mpweya wotuluka pansi sungafotokoze cifukwa cake anthu a m'midzi yotalikirana makilomita mazanamazana anaona cimoto cikudutsa kumwamba kuphulikako kusanamveke.

Komabe nthano ya Kazantsev inali ndi mfundo imodzi yoona: kuphulikako kunacitikira m'mwamba. Ku Hiroshima, bomba linaphulikira pamwamba pa mzinda, ndipo mitengo ndi makoma ena amene anali pansi pake penipeni anatsala ciriri. Nthanoyo inakopanso acinyamata ambiri ophunzira. Kuyambira 1959, gulu la odzipereka locokera mumzinda wa Tomsk linkapita ku Tunguska caka ndi caka. Ena anapita kukafuna umboni wa combo, ndipo m'malo mwake anabwerako ndi miyezo yambirimbiri ya mitengo yakugwa.

Zimene mitengo inanena

Pa miyezo imeneyo, katswiri wa masamu Wilhelm Fast anajambula mapu osonyeza kumene mitengo inagwera m'dera lonselo. Mapuwo sanatuluke ozungulira. Anatuluka ngati gulugufe wotambasula mapiko. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri a ku Moscow anayesa kupanga cithunzi cimeneci m'cipinda: anazika timitengo tambirimbiri tonga ta macesi, n'kuphulitsa onga pang'ono pacingwe copendekeka pamwamba pake. Timitengoto tinagwa m'maonekedwe a gulugufe yemweyo. Izi zinasonyeza kuti cinthuco cinabwera copendekeka, pa liwiro lalikulu, n'kuphulika cisanafike pansi, pamtunda wa makilomita 5 mpaka 10 m'mwamba. Panthawi yomweyo, maulendo otsogoleredwa ndi Kirill Florensky, a 1958 ndi 1961, anapeza m'dothi timibulu tating'onoting'ono ta zinthu zosungunuka, tooneka ndi makina okulitsa zinthu okha.

Maumboni a anthu nawonso anathandiza, ngakhale anali ndi vuto lake. Ambiri analembedwa patapita zaka 50 kapena kuposerapo, kucokera kwa okalamba, ndipo ena anadutsa pakamwa pa womasulira. Ena ankati cimotoco cinacokera kummwera, ena kum'mawa. Ofufuza anayenera kuika maumboniwo pambali pa mapu a mitengo, n'kuona pamene zikugwirizana. Mapuwo amasonyeza kuti cinacokera cakum'mawa, mopendekera kummwera.

Nanga mwala ungaphulike bwanji m'mwamba popanda onga? Aliyense amene anadumphirapo mumtsinje n'kugwera pamimba amadziwa kuti madzi, ngakhale ndi ofewa, amamenya ngati thabwa ukawafikira mwamphamvu. Mpweya nawonso umatero. Mwala wocokera kumwamba umalowa pa liwiro la makilomita oposa 11 pa sekondi imodzi, kawirikawiri pafupifupi 20. Mpweya wa kutsogolo kwake umasowa nthawi yopatuka, umapanikizika n'kutentha koopsa. Mwalawo ukamatsika, mpweya umanka nukhuthala, mpaka kupanikizako kumaposa kulimba kwa mwala. Ukasweka, zidutswa zimamwazika n'kukumana ndi mpweya wambiri, liwiro lonse limatha m'kamphindi, ndipo mphamvu yake imasanduka kutentha ndi funde la mphepo. Mitengo ya pansi penipeni funde limaifikira kucokera pamwamba, conco limasadzula nthambi n'kusiya thunthu. Mitengo yakutali limaifikira cam'mbali n'kuigwetsa. Kusowa kwa dzenje, kumene kunasautsa Kulik, ndiko kunali umboni waukulu wa mmene zinacitikira.

Mtsutso umene watsala

Lero akatswiri pafupifupi onse amavomereza kuti cinthu cocokera kumwamba cinaphulikira m'mlengalenga. Cimene amasiyanapo ndi cakuti cinali ciyani. Mu 1978, Ľubor Kresák wa ku Slovakia ananena kuti cinali cidutswa ca nyenyezi yamcira yochedwa Encke, popeza dziko lapansi limadutsa m'fumbi la nyenyeziyi kumapeto kwa Juni. Mu 1983, Zdeněk Sekanina anatsutsa: cinthu cofewa ngati cimeneco cikanasweka pamwamba kwambiri, osafika pafupi conci. Mu 1993, Christopher Chyba ndi anzake anawerengera pa kompyuta mmene zinthu zosiyanasiyana zimaswekera. Anapeza kuti za madzi oundana zimaphulikira m'mwamba kwambiri, zacitsulo zimafika pansi n'kukumba dzenje, pamene mwala wamba ndiwo umaphulikira pamtunda wofanana ndi wa Tunguska. Ambiri tsopano amatsamira ku lingaliro la asteroidi, kutanthauza mwala wozungulira dzuwa, wa mamita 50 mpaka 60 kukula kwake.

Ofuna dzenje sanatope. Mu 2007, akatswiri a ku yunivesite ya Bologna, ku Italy, ananena kuti nyanja yaing'ono ya Cheko, makilomita 8 kucokera pakati pa malowo, inakumbidwa ndi cidutswa cimene cinafika pansi. Patapita zaka 10, akatswiri a ku Russia anayeza matope a pansi pa nyanjayo n'kupeza kuti ndi akale kuposa 1908.

Palinso kusiyana pa mphamvu ya kuphulikako. Kwa nthawi yaitali ankati inali mamegatoni 10 mpaka 15, kutanthauza mabomba a Hiroshima pafupifupi 1000. Mu 2007, Mark Boslough wa ku America anasonyeza kuti mwala ukasweka, cimoto cake cimapitirizabe kutsika, conco mamegatoni 3 mpaka 5 akanakwanira kugwetsa nkhalango ija. Kutsika kwa nambalaku si nkhani yotonthoza. Ngati mwala waung'ono ungawononge malo aakulu conci, ndiye kuti ngozi ili pafupi kuposa mmene ankaganizira, cifukwa miyala yaing'ono ndiyo yambiri ndipo ndiyo yovuta kuiona. Apa m'pamene mtsutso wa akatswiri umakhudza moyo wa anthu wamba.

Chelyabinsk: tsiku limene makamera analipo

Pa 15 Febuluwale 2013, m'mawa, mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika makilomita ngati 30 pamwamba pa dera la Chelyabinsk, ku Russia komweko. Mphamvu yake inali ya mabomba a Hiroshima pafupifupi 30. Palibe makina amene anauona ukubwera, cifukwa unacokera mbali ya dzuwa. Makamera a m'magalimoto anajambula zonse, ndipo akatswiri anaona ndi maso zimene anawerengera kwa zaka zambiri zokhudza Tunguska. Mu Okutobala caka comweco, cidutswa colemera makilogalamu oposa 500 cinavuulidwa m'nyanja ya Chebarkul.

Nyumba zoposa 7000 zinawonongeka ndipo anthu pafupifupi 1500 anapita kucipatala. Palibe amene anafa. Ambiri sanavulazidwe ndi mwala, koma ndi magalasi. Kuwala kumayenda mofulumira kwambiri kuposa phokoso, monga mmene mphezi imang'anima bingu lisanamveke. Anthu ataona kuwala anathamangira kumazenera kuti aone, ndipo patapita mphindi imodzi kapena ziwiri funde la mphepo linafika n'kuswera magalasi pankhope pawo. Pasukulu ina, mphunzitsi wamkazi, osadziwa n'komwe cimene cacitika, anauza ana 44 kuti abisale pansi pa madesiki. Iye anavulala ndi magalasi, koma palibe mwana amene anavulala.

Kukula kwa ngozi

Miyala yocokera kumwamba si nkhani ya ku Russia yokha. Ku Vredefort, ku South Africa, kuli zotsalira za cidzenje cacikulu kwambiri codziwika padziko, ca zaka pafupifupi 2 biliyoni. Ku Namibia kuli mwala wacitsulo wa Hoba, wolemera matani pafupifupi 60. Mwala wa makilomita ngati 10 umene unagwera ku Chicxulub, ku Mexico, zaka 66 miliyoni zapitazo, ndiwo ukuganiziridwa kuti unathetsa nyama zikuluzikulu zochedwa madinosau. Koma kukula kwa mwala ndi kawirikawiri ka kugwa kwake zimayenda motsutsana. Waukulu ngati wa Chicxulub umagwa kamodzi pa zaka mamiliyoni ambirimbiri. Wonga wa Tunguska, kamodzi pa zaka mazana angapo kapena zikwi zocepa. Wonga wa Chelyabinsk, kamodzi pa zaka makumi angapo mpaka 100. Ndipo mbali yaikulu ya dziko ndi nyanja ndi malo opanda anthu.

Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma, koma pa nkhani iyi anthu ayamba kupeza njira yomvera mapazi ake. Mu Okutobala 2008, kwa nthawi yoyamba, mwala waung'ono unaoneka usanafike, ndipo akatswiri ananeneratu kuti ugwera kumpoto kwa Sudan. Zinacitikadi, ndipo ophunzira a ku yunivesite ya Khartoum anatola zidutswa zake m'cipululu. Pa 2 Juni 2018, wina unaoneka kutatsala maola ocepa n'kuphulikira pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinapezeka m'nkhalango yosungirako nyama ya Central Kalahari. Mwa miyala yoposa kilomita imodzi yodutsa pafupi ndi dziko, yoposa 90 mwa 100 iliyonse inapezeka kale ndipo njira zake zikudziwika. Yaing'ono yambiri sinapezekebe. Pa 26 Sepitembala 2022, combo ca NASA cochedwa DART cinagunda dala mwala wochedwa Dimorphos n'kufupikitsa ulendo wake wozungulira mwala unzake ndi mphindi zoposa 30. Izi zinasonyeza kuti mwala ukaoneka nthawi ikadalipo, njira yake ikhoza kusinthidwa.

Ophunzira anu amamva nkhani zotere pamafoni ndi pawailesi, kawirikawiri zitathiridwa mcere. Kumayambiriro kwa 2025, mwala wochedwa 2024 YR4, wofanana kukula ndi wa Tunguska, unanenedwa kuti ukhoza kugunda dziko mu Disembala 2032. Mwayi wakuti zitero unakwera mpaka kupitirira pang'ono 3 mwa 100, kenako, miyezo itaculuka, unatsika pafupifupi kutheratu. Akatswiri sananame poyamba ndipo sanabise kanthu pambuyo pake. Nambala inasintha cifukwa umboni unawonjezeka, monga mmene yankho la Tunguska linasinthira pamene mitengo inayezedwa.

Mu Disembala 2016, bungwe la United Nations linakhazikitsa 30 Juni kukhala tsiku lokumbukira za miyala imeneyi padziko lonse, potengera tsiku la Tunguska. Tsikuli likafika, nkhaniyi ingakambidwe m'kalasi m'cinenero cimene ana amamva bwino. Mungawafotokozere za mitengo yogona m'mizere ndi yoimirira pakati, n'kuwafunsa kuti mphepoyo inacokera kuti. Mungawapatse maganizo aja limodzilimodzi, n'kuwafunsa cizindikiro cimene lililonse likanasiya. Ndipo pali langizo limodzi limene mwana aliyense ayenera kupita nalo kunyumba: akaona kuwala kwakukulu kwadzidzidzi kumwamba, asathamangire kuzenera. Atalikire magalasi, agone pansi kapena abisale pansi pa desiki, ndipo adikire mpaka phokoso litadutsa.